Galimoto Yolira N'kuzimanso M'mawa Kukazizira: Mafunso ndi Mayankho

Mwezi wa Juni ukangolowa, dandaulo la eni galimoto ku Ulónguè, ku Tsangano ndi ku Furancungo limakhala limodzi. M'mawa galimoto ikulira n'kuzima, ukailiza kachiwiri ikunjenjemera, koma ikangotentha ikuyenda tsiku lonse popanda chovuta. Zambiri mwa galimotozi ndi zakale za petulo zochokera ku Japan, ma Corolla, Carina, Raum, Vitz, Sunny ndi Familia, zimene mafuta amalowa mu injini kudzera m'ma injector osati kabureta. Mayankho ali m'munsiwa ndi a galimoto zimenezo. Za dizilo zili ndi nkhani yakeyake.

Chimachitika n'chiyani kuti injini yozizira izizima pomwe yotentha ikuyenda bwinobwino?

Petulo amayaka akasanduka nthunzi n'kusakanikirana ndi mpweya. Injini ikagona pachisanu zitsulo zake zimazizira, ndiye gawo lina la petulo wopoperedwa ndi ma injector limangomata m'makoma a njira yopita ku masilinda. Wofika pa pulagi amakhala wochepa. Nthawi yomweyo oyilo amakhala atalemera, injini ikuzungulira movutikira. Choncho injini yozizira imafuna mafuta owonjezera ndi mpweya wowonjezera, ndipo yogawa zonsezi ndi kompyuta.

Pa galimoto yabwino muvi wa ma rev umakwera pakati pa 1,200 ndi 1,500 ikangolira, kenako n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka kukhazikika cha pa 700 kapena 800. Injini yotentha imapirira zolakwika zambiri, monga pulagi yotopa, pampu ya mafuta yofooka pang'ono kapena kampweya kolowa mozemba. Yozizira sipirira. Vutolo limakhala lilipo chaka chonse, chisanu chimangoliika poyera.

Ndinatsika nayo ku Tete, amakaniko anaiyang'ana n'kunena kuti ilibe vuto. Akundinamiza?

Mwina sakunama ayi. Mwayenda ulendo wonse kuchokera ku Angónia, kutsikira pa Mussacama, kudutsa Moatize, injini yafika itatentha. Valavu imene inakanirira m'mawa yamasuka, gasiketi imene inali ndi kampata yafufuma n'kutseka, kompyuta nayo yasiya kuwonjezera mafuta. Makanikoyo wayeza galimoto yabwino. Ngakhale itagona ku Tete komweko, mzindawu uli m'chigwa cha Zambezi, pamtunda wosafika mamita 200 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Ulónguè ili pamwamba, mamita oposa 1,200, komwe usiku wa Juni ndi Julayi kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10. Chisanu chimene chikuzimitsa galimoto yanu kuchigwa kulibe.

Pa nkhani iyi ine sindisunthika: vutoli liyezedwe m'mawa, injini isanalizidwe n'kamodzi komwe, kudera kumene imazimirako. Siyani galimoto igone ku galaja, kapena makaniko alawire kwanu ndi mita yake. Mpata woyezera ndi wa mphindi zochepa chabe, ndipo ukadutsa muyenera kudikira maola ambiri kuti injini izizirenso. Makaniko amene wakuuzani chida choti mugule asanaone galimoto ikuzima akungoganizira, ndipo ndalama zimene zikupitazo ndi zanu.

Ineyo ndiyang'ane chiyani ndisanaitane makaniko?

Tsitsani galasi, zimitsani wailesi, musaponde moto, lizani. Maso akhale pa muvi.

Ngati yalira koma muvi sukupitirira 500 kapena 600 n'kugwa, ndipo mukaponda moto pang'ono imakhalabe ikulira mosalala, ndiye kuti ikuperewera mpweya. Pamenepo yambirani pa throttle body, chipata cha mpweya wolowa mu injini, ndi valavu ya idling. Ngati muvi wakwera bwino n'kugwa patapita masekondi awiri kapena atatu, ndipo mukaponda moto imatsamwa kapena kukhosomolera chakolowera mpweya, ikuperewera mafuta. Ngati ikugwedezeka kwambiri, ekizozi ikutulutsa utsi wakuda ndi fungo la petulo wosapsa, ndiye mafuta achuluka kapena moto wa mapulagi wafooka.

Onaninso ngati imazima yokha kapena imadikira kuti muike giya pa D kapena R, muponde mabuleki kapena muyatse nyali. Jambulani kanema wa dashibodi pa foni, mawu a injini azimveka. Kanema wa mphindi imodzi ameneyu amathandiza makaniko kuposa kufotokoza kwa pakamwa.

Valavu ya idling imene mukuitchulayi ndi chiyani, ndipo imatsukidwa bwanji?

Mukachotsa phazi pa moto, kachitseko ka mu throttle body kamatseka pafupifupi kotheratu. Mpweya wa idling, imene amakaniko ambiri kuno amati ralenti, umadutsa kanjira kolambalala, ndipo pakanjirako pali valavu imene kompyuta imatsegula ndi kutseka. A Toyota amaitcha ISC, ena amati IAC. M'mawa iyenera kutseguka kwambiri.

Chimaipha ndi litsiro. Nthunzi ya oyilo yochokera mu injini imakumana ndi fumbi limene lazemba sefa ya mpweya, n'kupanga phala lakuda. Misewu yathu yafumbi m'chilimwe, kuphatikizapo fumbi la malasha kwa oyenda cha ku Moatize, imafulumizitsa zimenezi. Phalalo likazizira limalimba ngati phula, valavu n'kukanirira. Likatentha limafewa, ndiye masana galimoto ili bwino.

Chotsani paipi yaikulu ya mpweya, tsegulani kachitseko ndi dzanja, muunike ndi tochi. Mupeza mzere wakuda wozungulira pamene kachitsekoko kamagona. Pukutani ndi kansalu konyowetsa ndi mankhwala otsukira kabureta mpaka chitsulo chiwale. Pa ma injini ngati 4A-FE, 5A-FE ndi 5E-FE valavuyo ili kunsi kwa throttle body, yomangidwa ndi tisikuluu tofewa mitu, choncho sikuludiraiva ikhale yokwana bwino. Mukaimasula muona kachitsulo kamene kamayenera kuzungulira mosavuta mukakakhudza ndi chala. Tsukani mpaka kamasuke, mankhwala asalowe mbali ya magetsi, ndipo pobwezera ikani gasiketi yatsopano. Timapaipi tiwiri ta madzi timene timalowa pamenepo tibwerere m'malo mwake. Ambiri amatidula n'kutilumikiza tokhatokha tikayamba kudontha, osadziwa kuti madzi otenthawo ali ndi ntchito pa valavuyo.

Galimoto zimene throttle yake ilibe kebulo, yoyendetsedwa ndi mota, valavu yapadera zilibe. Kachitseko komweko ndiko kamagwira idling. Musakakankhe mwamphamvu, ndipo mukatsuka, ma Nissan ambiri a m'ma 2000 amafuna kuti kompyuta iphunzitsidwenso idling, apo ayi imakhala pamwamba.

Amakaniko anangopotokola sikuluu, idling yakwera, yasiya kuzima. Si kukonza kumeneko?

Kumeneko n'kubisa. Sikuluu imene imaimitsa kachitseko inaikidwa kufakitale, ndipo sensa ya TPS, youza kompyuta mmene kachitsekoko katsegukira, inalinganizidwa ndi malo amenewo. Mukaisuntha, kapena mukakoka kebulo kuti ikhale yothina, kompyuta siizindikiranso kuti phazi lachoka pa moto. Zotsatira zake idling imakwera n'kutsika yokha, petulo amatha msanga, ndipo galimoto ya otomatiki imagunda mukaika giya. Valavu yakuda ija ikadali yakuda. Choipa china n'chakuti makaniko wotsatira amayamba wavutika kubwezera sikuluuyo pamalo pake asanafike pa vuto lenileni.

Geji ya kutentha pa dashibodi ikugwira bwino. Sensa ya kutentha ingakhale yakufa bwanji?

Pa galimoto zambiri za m'ma 1990 sensa zimakhala ziwiri. Ya waya umodzi ndi ya geji. Ya mawaya awiri ndi ya kompyuta, ndipo ndiyo imanena kuchuluka kwa mafuta a m'mawa. Imodzi ikhoza kufa inzake ili bwino.

Kuyeza kwake sikufuna ndalama. Zulani pulagi yake ya mawaya injini ili yozizira, ikani mita pa ma ohm. Pa ma Toyota ndi galimoto zina zambiri za ku Japan, madzi akakhala pa madigiri 20 mita ionetse pakati pa 2,000 ndi 3,000. M'mawa wozizira wa ku Tsangano ionetsa kuposa pamenepo, cha pa 4,000 kapena kupitirira. Injini ikatentha kufika madigiri 80 nambala imagwa kufika pakati pa 200 ndi 400. Ngati m'mawa mita ikuonetsa mazana ochepa, sensayo ikuuza kompyuta kuti injini yatentha kale, kompyuta n'kumana mafuta. Galimoto imalira n'kufa.

Yang'ananinso m'kati mwa pulagiyo. Mukaona timano take tachita dzimbiri lobiriwira, magetsi akudutsa movutikira, kompyuta ikuona ngati kwazizira kuposa mmene kulili, ndiye ikuthira mafuta mopyola muyeso mpaka mapulagi kunyowa. Waya ukaduka kotheratu, kompyuta ya Toyota imayatsa nyali ya check n'kungoyesa kuti madzi ali pa madigiri 80. Koma sensa ikangosokonekera osafa, nyali siyaka. Wokhala ndi makina owerengera kompyuta aone kutentha kwa madzi ndi kutentha kwa mpweya wolowa galimoto isanalizidwe. Ikagona usiku wonse manambala awiriwa ayenera kukhala oyandikana.

Ma injini akale kwambiri, monga 22R-E, ali ndi injector ina yowonjezera yongogwira ntchito poliza injini yozizira, yokhala ndi switch yakeyake m'madzi. Imeneyonso iyezedwe.

Thermostat anaichotsa chifukwa ku Tete n'kotentha. Zikukhudzana?

Zikukhudzana, ngakhale kuti si pa sekondi yoyamba. Thermostat ya ma Toyota ambiri imayamba kutseguka cha pa madigiri 82. Ikachotsedwa madzi amazungulira mu redieta kuyambira pachiyambi, ndipo kumtunda kuno m'nyengo yozizira injini imatha kuyenda ulendo wonse osafika pa kutentha kwake. Kompyuta imangothirabe mafuta owonjezera, mapulagi amada, mwaye umadzaza m'kati, petulo wina amatsikira mu oyilo. Pakapita miyezi galimoto imayamba kuvuta m'mawa.

Injini yotentha mopyola ili ndi chifukwa chake, kaya redieta yotsekeka, fani yosazungulira, chivindikiro chotha kapena pampu ya madzi. Kuchotsa thermostat sikuchiza chilichonse mwa izi. Ibwezereni, ndipo musiye madzi a pachitsime okhaokha. Popanda coolant dzimbiri limadya sensa ndi kutseka timapaipi tija.

Mpweya wolowa mozemba ndiupeza bwanji?

Labala akakalamba amauma, ndipo akazizira amakhwinyata. Gwirani paipi yaikulu ya mpweya, muipinde pamakwinya pake, makamaka kunsi kumene maso safika. Onani kapaipi ka PCV kotenga nthunzi ya oyilo mu injini, paipi yopita ku booster ya mabuleki ndi timapaipi tonse tating'ono. Injini ya 1ZZ-FE imadziwika ndi gasiketi ya manifold, njira ya mpweya yopita ku masilinda, imene imalowetsa mpweya kukazizira n'kutseka ikatentha.

Mmene galimoto imachitira zimadalira sensa yake. Zokhala ndi MAF, sensa yoyeza mpweya wodutsa mu paipi yaikulu, monga 1NZ-FE ndi QG15DE, mpweya wozemba sizimauwerenga, ndiye mafuta amachepa, injini n'kuzima. Zokhala ndi MAP, sensa yoyeza presha ya mu manifold, monga 5A-FE, kawirikawiri idling imakwera kapena kumasakasaka. MAF nayo imada ndi fumbi. Ipopereni mankhwala ake enieni, osakhudza tiwaya take ndi chala kapena burashi.

Injini ikadali yozizira, popani pang'ono mankhwala otsukira kabureta m'malo olumikizirana. Kulira kukasintha, mwapapeza. Mankhwalawa amayaka, choncho chitani panja, kutali ndi ekizozi ndi mawaya a mapulagi. Amene akugwiritsa ntchito geji ya vacuum akumbukire mtunda. M'mabuku amalemba mainchi 17 mpaka 21, koma ndi a m'mphepete mwa nyanja yamchere. Mamita 300 aliwonse okwera amachotsa pafupifupi inchi imodzi, ndiye ku Ulónguè injini yabwinobwino ionetsa mainchi anayi ocheperapo. Musamasule injini chifukwa cha nambala imeneyo.

Ndikaika kiyi pa ON sindimva pampu ikulira. Yafa?

Ngati ndi Honda kapena Nissan, iyenera kulira kwa masekondi ochepa. Koma ma Toyota ambiri akale pampu yake siyamba pa ON, imadikira kuti sitata izungulire. Pampu zambiri zabwino zazulidwa chifukwa cha kusadziwa zimenezi. Pansi pa boneti pali kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS, ndipo mayina a timabowo take ali kunsi kwa chivindikiro. Lumikizani +B ndi FP ndi kawaya, kiyi pa ON, pampu ilira.

Kulira kokha sikukwanira, pafunika geji. Presha ikhale cha pa ma bar 3, ndipo mukazimitsa isagwe msanga. Pa ma injini a Toyota amenewa isatsike pansi pa 1.5 pakatha mphindi 5. Ikagwa msanga, mafuta akubwerera mu thanki kudzera mu pampu kapena regulator yowongolera preshayo, kapena injector ikudonthera mu silinda usiku. Zulani kapaipi ka vacuum ka regulator. Mukapezamo petulo, yabooka. Sefa ya mafuta imene mwini wake sakukumbukira tsiku limene inasinthidwa, isinthidwe basi.

Ma injini a D-4 ndi GDI, opopera petulo mwachindunji mu silinda, ali ndi presha yaikulu kwambiri mbali ya injini. Mapaipi amenewo musamasule mwachisawawa.

Petulo wa m'mabotolo angachititse?

Angachititse. Kumadera akutali ngati mbali zina za Marávia, Chifunde ndi Zumbo munthu nthawi zina sachitira mwina, ndipo si ogulitsa onse amene amasakaniza. Koma petulo wokhalitsa m'chigubu padzuwa amataya gawo lopepuka lija limene limayaka msanga, lomwe ndi lofunika kwambiri m'mawa. Wothiridwa palafini ndiye amavutiratu kuyaka mu injini yozizira. Madzi amalemera kuposa petulo, amakhazikika pansi pa thanki usiku, ndipo pampu imayamba kukoka iwowo.

Tapani pang'ono kuchokera pa paipi ya mafuta, thirani m'botolo lagalasi loyera, muliike pansi kwa mphindi zingapo. Madzi aoneka pansi, atadula mzere wake. Ngati vuto linayamba tsiku lotsatira mutathira mafuta pamalo achilendo, yambirani pamenepa musanamasule chilichonse.

Batire likuzunguza injini. Lingakhalenso ndi mlandu?

Inde. Kutentha kwa m'chigwa kumakalambitsa batire, chisanu cha kumtunda n'kudzalimaliza. Lodzaza lionetse ma volt 12.6 m'mawa, ndipo 12.2 ndiye kuti lili cha pa theka. Poliza lisagwe pansi pa 9.6, injini ikalira mita ionetse cha pa 14. Magetsi akachepa moto wa mapulagi umafooka, pampu imazungulira mwaulesi. Mitu ya batire yomangidwa ndi waya kapena yokhomeredwa msomali imafufutitsa zimene kompyuta inaphunzira za idling nthawi iliyonse magetsi akaduka. Waya wa earth wochokera ku injini kupita ku bodi nawonso ukhale woyera ndi wothina.

Ngati galimoto imavuta kwambiri m'mawa wa mame ndi nkhungu, tsegulani chivindikiro cha distributor. Mukaona chinyezi, ming'alu kapena timizere takuda m'kati, moto ukuthawira pamenepo. Mawaya a mapulagi a Toyota asapitirire ma ohm 25,000 uliwonse. Mapulagi akhale a nambala yoyenera injiniyo, ndipo mpata wake uyezedwe, chifukwa ena amafuna mamilimita 0.8, ena 1.1.

Nyali ya check siikuyaka. Ndiye kuti kompyuta siikuona vuto?

Choyamba onani ngati nyaliyo imayaka mukaika kiyi pa ON. Ikapanda kuyaka, babu lapsa kapena wina analichotsa pogulitsa galimoto. Valavu yakuda, pampu yofooka ndi gasiketi yodontha nthawi zambiri siziyatsa nyali pa galimoto zakale.

Pa Toyota ya kabokosi ka DIAGNOSIS, lumikizani TE1 ndi E1, kiyi pa ON, muwerenge kuphethira kwa nyali. Kawiri, kupuma, kawirinso, ndiye 22, sensa ya kutentha kwa madzi. Nambala 24 ndi ya kutentha kwa mpweya, 31 ndi ya sensa yoyeza mpweya, 41 ndi TPS. Ikamangophethira mofanana osapumira, palibe chimene yasunga. Galimoto zopangidwira msika wa ku Japan chisanafike chaka cha 2008, zambiri zili ndi soketi ya timabowo 16 koma sizilankhulana ndi timakina totchipa ta OBD2 towerengera kompyuta. Makina akakana kulumikizana sizitanthauza kuti kompyuta yafa. Pa zimene zimalola, P0115 mpaka P0118 ndi sensa ya madzi, P0505 ndi idling, P0171 ndi kuchepa kwa mafuta. Nambala imaloza dera lofufuza, kuphatikizapo mawaya ndi pulagi, osati chida choti mukagule.

Andiuza kuti ndigule oxygen sensor.

Sensa imeneyi, imene ili pa ekizozi, siyamba ntchito isanatenthe kupitirira madigiri 300, ndipo pa masekondi oyamba kompyuta siimvera. Ngati galimoto ikuzima ikangolira, sungani ndalama zanu.

Nanga oyilo?

20W-50 amalemera kwambiri m'mawa wa Julayi, makamaka pa ma injini a VVT-i amene anapangidwira oyilo wopepuka ngati 5W-30. Yekha sazimitsa injini yabwino, koma amawonjezera katundu pa injini imene ikupuma kale movutikira.

Ndi liti pamene vuto lili m'kati mwa injini?

Nthunzi yoyera yopepuka imene imatha injini ikatentha ndi ya chisanu chabe. Chodetsa nkhawa ndi utsi woyera wochindikala wosatha, madzi akuchepa mu redieta popanda podontha, ndi silinda imodzi yosagwira kwa mphindi yoyamba. Pamenepo head gasket ikhoza kukhala ikulowetsa madzi usiku. Zulani mapulagi m'mawa. Imene ikuoneka yotsukidwa kuposa zinzake ikuloza silinda yake. Utsi wabuluu poliza ndi oyilo wotsikira m'ma valve seal. Valavu ya EGR, yobwezera utsi wina wa ekizozi mu injini, ikakanirira potseguka nayonso imazimitsa injini pa idling. Compression iyezedwe zotchipa zonse zija zikapezeka zili bwino, pokhapokha ngati zizindikiro za madzi zaonekeratu.

Podikira kukonza, ndiziliza bwanji m'mawa?

Zimitsani nyali, fani ndi AC. Sitata isazungulire kupitirira masekondi 10, ipumitseni musanayesenso. Ikalira igwireni ndi phazi cha pa 1,500 kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, osaikalipitsa, chifukwa oyilo sanafike paliponse. Ikanunkha petulo osalira, pondani moto mpaka pansi poliza. Galimoto zambiri zimachepetsa mafuta mukatero.

Ndikupemphani, mbaula isayandikire pansi pa injini, ndipo musathire petulo mu paipi ya mpweya. Injini ikakhosomola moto umabwerera kumaso kwa wothirayo. Musatenthetse galimoto m'nyumba yotseka, utsi wake umapha osanunkha. Ndipo galimoto ikazima mukuyenda, mabuleki ndi chiwongolero zimalimba. M'njira zotsetsereka za ku Tsangano, kapena m'mawa ana ali pamsewu kupita kusukulu, musanyamuke idling isanakhazikike.

Chida chikapezeka kuti chafadi, ndigule chatsopano chotchipa kapena chophwasula ku galimoto ina?

Pa sensa ndi valavu ya idling, chenicheni chakale cha Denso kapena Hitachi nthawi zambiri chimaposa chatsopano chopanda dzina, chifukwa zongoyerekeza zimapereka manambala osagwirizana ndi kompyuta. Kaya mukugula ku Tete, kaya mwawolokera pa Calómuè kapena Zóbuè, tengani chakale chija m'manja, mufanizire nambala ndi pulagi yake, ndipo sensa ya madzi muiyeze ndi mita musanapereke metikali imodzi. Sefa, mapulagi, magasiketi, thermostat ndi mapaipi a labala, izi zokha gulani zatsopano. Sinthani chinthu chimodzi, galimoto igone, muilize m'mawa, kenako muone ngati pakufunika china.